Funsani Aphunzitsi: Chimera, Njinga ndi Mikango ya ku Mfuwe

Mwezi uno mafunso abwera ambiri moti ena ndawasungira mwezi wamawa, musakwiye. Amene ndasankha apa eni ake sadziwana, wina ali pa Kapata wina ku Katete wina ku Mfuwe, koma nditawerenga kawiri ndinaona kuti onse akukanda pamalo amodzi, pa nkhani ya mmene chakudya chimasinthikira n'kupereka mphamvu, ndiye tiyambe ndi amayi a thobwa chifukwa iwo nkhani yawo yafika kale kwa apongozi.

FUNSO: Aphunzitsi muli bwanji. Ine ndimagulitsa thobwa pa msika wa Kapata kuno ku Chipata. Chimene chimandidabwitsa masiku onse ndi chakuti phala limakhala lolimba ndithu koma ndikangothira chimera pang'ono chabe limasungunuka kukhala madzimadzi, madzi osaonjezerapo olo kapu imodzi. Manje sabata yatha ndinali ndi changu cha ku maliro, ndinathira chimera phala likadali pamoto likubwata, thobwa lonse linakana, lolimba, losatsekemera, mgolo wonse ndinapatsa nkhumba. Apongozi akuti pali amene wandichita zamankhwala pa malonda anga. Inu mukuti bwanji? Mayi wa thobwa, Kapata.

YANKHO: Amayi pepani ndi maliro, pepaninso ndi mgolo wa thobwa. Apongozi muwasungire ulemu wawo koma amene anakulodzani ndi moto wanu womwe. Tiyambire pa mawere. Kambewu kalikonse ndi kamwana kogona kali ndi kamba wake pambali, kamba ameneyo ndiye ufa woyera uja, asayansi amati sitachi. Mukanyika mawere m'madzi n'kuwafundika kamwana kaja kamadzuka ndi njala, koma sitachi sikangadye momwe alili chifukwa ndi wamkulu, ali ngati mkanda wautali kwambiri umene kanjere kake kalikonse ndi shuga. Ndiye kambewu kamapanga timipeni take todulira mkandawo, timipeni timeneti ndi amene timawatchula ma enzyme, ndipo wodula sitachi dzina lake ndi amylase. Inu mukayanika mawere omera aja n'kuwapera mwasunga timipenito mu ufa, chimera ndi chimenecho.

Phala kulimba kuja ndi mikanda ija yapotanapotana n'kugwira madzi pakati. Chimera chikalowa amylase amayamba kudula, kudula, kudula, mikanda ikafupika siyingagwirenso madzi, madzi amene anali momwemo amamasuka ndiye mumaona ngati wina wathiramo, ndipo tizidutswa tija ndi shuga ndiye kutsekemerako. Pang'ono chabe chimakwana chifukwa mpeni sukutha ukadula, umadula apa n'kupita apo.

Tsopano moto. Enzyme ndi puloteni, mtundu umodzi ndi choyera cha dzira, ndipo mukudziwa kuti dzira likaphikidwa silibwereranso kukhala laliwisi olo mulizizitse bwanji. Amylase amasewenza bwino phala likakhala pa madigiri 60 mpaka 70, kutentha koti chala chikhudze n'kuthawa koma phala lasiya kubwata, ndipo pafupi ndi 100 amapindika n'kufa m'kamphindi. Inu munamuphika asanayambe ntchito. Mukathira phala litazizira kwambiri safa ayi, amangochita ulesi, thobwa limachedwa. Kuwiritsanso kuja kumene mumachita chimera chitatha kusungunula phala kumakhala kuwauza ma enzyme kuti basi mwakwana. Kuwawasa kwa mawa lake ndi ntchito ya ena, tizilombo tosaoneka timene timadya shuga uja n'kutulutsa asidi, ndipo mukalisiya masiku yisiti naye amalowererapo, pamenepo si thobwanso, a mpingo akufunsani.

Chimene chimandiseketsa ine ndi chakuti enzyme woyamba amene asayansi anamutulutsa payekha anachokera mu chimera momwemu. Munali mu 1833 ku France, Anselme Payen ndi Jean-François Persoz anamupeza mu chimera cha barele namutcha diastase, pamene kuno agogo athu anali akumusewenzetsa kale m'mitsuko popanda dzina. Anzathu ophika munkoyo nawo ndi chimodzimodzi, mizu ija amaipondaponda muli amylase. Malovu anu alinso naye, yesani kutafuna nsima yopanda ndiwo nthawi yaitali osameza mumva ikuyamba kutsekemera. Kandolo wootcha pang'onopang'ono m'phulusa amatsekemera kuposa woponya m'madzi obwata pa chifukwa chomwechi, amylase wake amapeza nthawi yosewenza asanafe. Ndipo ngati muli ndi mwana wamng'ono amene phala lolimba limamuvuta kumeza, m'malo molisungunula ndi madzi ambiri mpaka chakudya kutheramo, thiranimo kasupuni ka chimera litapola pang'ono, likasungunuka muwiritsenso kenaka mumupatse.

FUNSO: Aphunzitsi ndili Grade 11 kuno ku Katete. Ku biology tinauzidwa kuti enzyme amachepetsa activation energy, iye sapereka mphamvu ndipo sakutha. Ndaloweza koma sindikumvetsa olo pang'ono, ngati sapereka mphamvu nanga akuthandiza bwanji? Mayeso ali pafupi. Mwana wa sukulu, Katete.

YANKHO: Mwana wanga wachita bwino kuvomera kuti waloweza chabe, anzako ambiri amafika nazo ku mayeso a Grade 12 ali choncho ndipo funso likangotembenuzidwa pang'ono amagwa. Tenga paketi ya shuga pa shelefu ya mu shopu. M'shugamo muli mphamvu zambiri, mpweya wa okosijeni woti aotchedwe nawo uli pomwepo, koma akhoza kukhala zaka osayaka. Nkhuni zouma nazo zimangokhala pakhonde mpaka wina abwere ndi machesi. Kamoto ka machesi kaja ndiye activation energy, mtengo wolowera pakhomo, mphamvu imene iyenera kuyamba yalipidwa kuti zinthu ziyambe kuyenda, zikayamba zimadziyendera zokha. Vuto la thupi ndi lakuti silingayatse machesi m'mimba, liyenera kuotcha shuga pa madigiri 37 basi, ndiye njira yake ndi kutsitsa mtengo wapakhomo uja kuti kutentha kwa thupi komweku kukwanire.

Amatsitsa bwanji? Ganiza za ankhoswe. Mnyamata ndi mtsikana akhoza kufunana zaka koma mabanja osakumana, ankhoswe amabwera n'kuwakhazika pa mphasa imodzi, moyang'anana, nthawi yoyenera, nkhani n'kutha tsiku limodzi. Chikondi si ankhoswe abweretsa, chinalipo kale, ndipo ukwati ukatha iwo sakhala mkwati, amanyamuka ali momwe analili kukakonza wa ena. Ngati awiriwo safunana ankhoswe sangawakakamize, ndiponso enzyme sangachititse chinthu chimene pachokha sichikanatheka, amangofulumizitsa chotheka. Pa thupi lake pali kamphako, active site ija ya m'buku, m'mene zinthu zofunika kusinthidwa zimalowa n'kugwidwa moyang'anana bwino, nthawi zina n'kupindidwa pang'ono kuti pofunika kuduka pafooke.

Za loko ndi kiyi anayambitsa ndi Emil Fischer wa ku Germany mu 1894, kutanthauza kuti enzyme aliyense ali ndi chake chimene amatsegula, amylase sangadule nyama ndipo pepsin wa m'chifu sangadule sitachi. Mu 1958 Daniel Koshland anakonzako ganizoli, anati kamphako sikouma ngati loko, kamafinya n'kukumbatira chinthu chikalowa, ngati dzanja logwira mpini. Ukalemba zonse ziwiri pa mayeso sulakwa. Usaiwalenso za asidi, pepsin amakonda m'chifu mmene pH, muyeso wa asidi, ili pafupi ndi 2, kutanthauza asidi wambiri, pamene amylase wa m'malovu akafika mmenemo ntchito yake imathera pomwepo, ndipo wina wochokera ku kapamba ndi amene amakapitiriza m'matumbo.

Ukafuna kuona ndi maso, pempha kachidutswa ka chiwindi chachiwisi ku butchala, ugule hydrogen peroxide ku famase, uthire pang'ono pa chiwindicho. Thovu limene lituluke ndi okosijeni, wachita zimenezo ndi catalase, mmodzi yekha amaphwanya timagawo ta peroxide mamiliyoni pa sekondi imodzi. Kenaka uwiritse kachidutswa kena uthirenso, zii, palibe thovu. Ukaona zimenezo funso la kutentha silidzakuvutanso, ndipo ukawafotokozerenso amayi a ku Kapata aja.

FUNSO: Aphunzitsi ine ndimakwezetsa anthu ndi katundu pa njinga muno m'tauni, nthawi zina mpaka njira ya ku Mwami. Ndikadya nsima m'mawa ndimapalasa bwino koma pa chikweza miyendo imatentha maningi ngati muli moto, ndiye anzanga amati ndizimwa ma energy drink. Kodi mphamvu ya nsima imapita kuti, ndipo zakumwazi zimathandizadi? Wa njinga, Chipata.

YANKHO: Achimwene, inu ndi amene mumaidziwa nkhaniyi ndi miyendo, ife timangoidziwa pa bolodi. Nsima ikagayidwa imasanduka shuga wotchedwa glucose, amalowa m'magazi n'kufika m'minofu. Koma mnofu sungagule kanthu ndi glucose mwachindunji, zili ngati kasitomala wakwera kaulendo kakafupi n'kukutulutsirani K100 m'mawa musanapeze chenji. Chenji cha thupi ndi kanthu kotchedwa ATP, kanapezeka mu 1929, ndipo chilichonse chimene thupi limachita, kupalasa, kuphethira, kuganiza, kugunda kwa mtima, chimalipidwa ndi ATP. Kakalipira kamakhala ngati batire lakutha, kamabwerera kukachajidwa, ndipo kuzungulira kumeneku n'kothamanga moti ngakhale nthawi iliyonse thupi limasunga ATP wochepa, wosafika ndi kota ya kilo, pa tsiku lonse munthu amachaja ATP wolemera pafupifupi ngati thupi lake lomwe. Inu a njinga mumapitirira pamenepo.

Kusintha glucose kukhala chenji kumayenda pang'onopang'ono, sitepe iliyonse ili ndi enzyme wake. Masitepe 10 oyamba amathyola glucose pakati n'kupereka ATP awiri okha, ndipo amenewa safuna okosijeni. Zotsalazo zimalowa mu timatumba ta m'maselo totchedwa mitochondria, mmene muli chizungulire chimene Hans Krebs anachifotokoza mu 1937 ali ku Sheffield, kenaka pamapeto pake pamachitika chinthu chimene ine mpaka lero chimandidabwitsa. Mphamvu ya chakudya imasewenzetsedwa kupopa tinthu totchedwa ma proton kupita mbali imodzi ya kachikopa, timadzazana kumeneko ngati madzi kuseri kwa damu la Kariba, ndiye pobwerera timadutsa mu enzyme wotchedwa ATP synthase amene amazungulira zenizeni ngati makina opangira malaiti, kuzungulira kumeneko ndiko kumachaja ATP. Peter Mitchell atanena za damu limeneli mu 1961 ambiri sanamukhulupirire, anadzalandira mphoto ya Nobel mu 1978. Njira yonseyi ikatha glucose mmodzi amapereka ATP pafupifupi 30, koma mbali ya mitochondria imafuna okosijeni, ndiye chifukwa chake mumapuma.

Pa chikweza miyendo imafuna chenji mwachangu kuposa mmene mitochondria angaperekere, ndiye imatsamira pa masitepe 10 oyamba aja, othamanga koma olipira pang'ono, asidi amachuluka m'mnofu ndipo kutentha mukumva kumabwera nthawi imeneyo. Si matenda, mukatsika n'kukankha njinga kapena kupumako pang'ono zimatha. Ndipo pa funso lanu lakuti mphamvu imapita kuti, gawo limodzi mwa magawo anayi, mwinanso kuchepera, ndi limene limafika pa mapedulo, yotsalayo imasanduka kutentha, thukuta lija ndi thupi likutaya kutenthako. Ikatuluka choncho sibwereranso, ndiye chifukwa masana njala imakupezaninso.

Za zakumwa zija ndikambe mosabisa, ine sindizikonda. Muli shuga ndi caffeine, shugayo ndi mphamvu ndithu koma yomweyo imene ili mu thobwa kapena nthochi pa mtengo wotsika, caffeine yekha alibe mphamvu olo pang'ono, amangotseka belu la mu ubongo limene limakuuzani kuti mwatopa. Belu mwatseka koma kutopa kulipo, usiku tulo osabwera mtima uli gugugu. Ndalama imeneyo mukagule kandolo, nshawa zokazinga ndi madzi akumwa ambiri.

FUNSO: Agogo anga salola kuti chinangwa chowawa chidyedwe chisananyikidwe m'madzi masiku angapo, akuti chimapha. Ife achinyamata timaona ngati ndi zachikale chabe. Zoona zake ndi ziti? Mdzukulu, Vubwi.

YANKHO: Mdzukulu iwe, agogo uwamvere, pa nkhani iyi aposa digiri. Chinangwa chili ndi kanthu kotchedwa linamarin, ndipo chilinso ndi enzyme wotchedwa linamarase, koma ziwirizi chimazisunga m'zipinda zosiyana. Kachirombo kakaluma kapena munthu akatafuna zipinda zimasweka, ziwirizi zikakumana pamatuluka cyanide, ndiwo msampha wa chinangwa podziteteza. Kusenda, kunyika masiku atatu mpaka asanu chifewe, kusinja ndi kuyanika padzuwa ndi njira yofwamphula msamphawo chakudya chisanafike m'mimba, enzyme amasewenza m'madzimo, poizoni wina amapita ndi madzi wina amauluka poyanika. Chigwada nacho ndi chifukwa chake timayamba tasinja kenaka n'kuwiritsa bwinobwino poto ali wosavundikira. Chinangwa chozizira chija timadya chophika chili ndi poizoni wochepa, chowawa ndiye choopsa, makamaka chaka cha chilala.

Mmene cyanide amaphera zikugwirizana ndi zimene ndawauza achimwene a njinga. Amakamata enzyme womaliza mu mitochondria, cytochrome c oxidase, amene amapereka zinthu kwa okosijeni, ndiye damu lonse limaima, munthu akupuma, magazi ali ndi okosijeni wokwanira koma maselo sangamusewenzetse. Akamalowa pang'onopang'ono masabata ambiri mwa munthu amene sakudya ndiwo za puloteni pamabwera matenda a konzo, miyendo imauma mwadzidzidzi ndipo sichira. Anzathu a ku Nampula ku Mozambique anaziona mu 1981 pa chilala, anthu anafupikitsa masiku onyika chifukwa cha njala.

Poti tili pa za poizoni ndionjezere za alimi a thonje ndi a madimba. Ena mwa mankhwala opopera, a gulu la organophosphate, nawo amapha pomanga enzyme, uyu ndi acetylcholinesterase amene ntchito yake ndi kuzimitsa uthenga wa mitsempha ukafika. Akamangidwa uthenga suzima, munthu amatuluka dovu ndi thukuta, kusanza, minofu kunjenjemera, kupuma kuvuta. Mukaona zotere mwa munthu amene amapopera musataye nthawi ndi kumumwetsa mkaka, muvuleni zovala zonyowazo, musambitseni ndi sopo, thamangirani naye kuchipatala mutanyamula botolo la mankhwalawo kuti adokotala awerenge.

FUNSO: Alangizi amatiuza kuti tizisinthanitsa chimanga ndi nshawa kapena soya chifukwa zimaika feteleza m'nthaka. Mbewu ingapange bwanji feteleza? Komanso akuti urea tisamangomwaza pamwamba, tizikwirira, pamene ntchito ndi yambiri kale. Mlimi, Chadiza.

YANKHO: Abambo alangizi akunena zoona pa zonse ziwiri. Mpweya umene tikupumawu, magawo 78 pa 100 ndi nitrogen, chakudya chomwecho chimene mumagula m'thumba la urea, koma ali womangika mwamphamvu moti chimanga sichingamutenge, chili ngati munthu wa ludzu pakati pa madzi amchere. Mafakitale amamumasula ndi njira ya Haber ndi Bosch, imene inayamba kusewenza ku Germany mu 1913, pa kutentha kopitirira madigiri 400 ndi kupanikiza koopsa, ndiye mwa zifukwa zina feteleza amadula. Zulani nshawa imodzi ikamachita maluwa muone mizu, mupeza timatuza. M'timatuzamo mumakhala tizilombo totchedwa rhizobia tili ndi enzyme wotchedwa nitrogenase, ameneyu amachita ntchito ya fakitale ija m'dothi lofunda la ku Chadiza popanda moto. Si zaulere, kumasula nitrogen mmodzi kumadya ATP osachepera 16, ndipo amalipira ndi nshawa, imatumiza shuga wochokera m'masamba, tizilombo n'kubweza chakudya. Dulani katuza kamodzi ndi chikhadabo, mukapeza mkati mofiirira ngati nyama ndiye kuti kakusewenza, mukapeza moyera kapena mobiriwira palibe chikuchitika. Kungoti musayembekezere zozizwitsa, nitrogen wambiri amapita ndi nshawa zimene mwakolola, chotsalira m'munda chili mu masangwi ndi mizu, ndiye mukaotcha masangwi mwataya phindu lomwelo. Za mitundu ya mbewu ndi mankhwala opaka soya musanadzale funsani alangiziwo, za nshawa amazifufuza pafupi pompa pa malo ofufuzira zaulimi a Msekera.

Urea naye ndi nkhani ya enzyme. M'dothi muli urease, amene akakumana ndi urea ponyowa amamuphwanya kukhala ammonia, ndipo ammonia ndi mpweya. Zikachitikira pansi pa dothi amagwidwa n'kukhala chakudya cha chimanga, zikachitikira pamwamba dzuwa lili phwee mbali ina imauluka, ndalama zanu zikupita kumwamba inu mukuona. Kabowo pambali pa phando n'kukwirira, kapena kuthira mvula yabwino ili pafupi kugwa kuti imulowetse pansi. Urease yemweyu ndi amene James Sumner wa ku America anamuumitsa kukhala timiyala mu 1926 n'kuonetsa kuti enzyme ndi puloteni, munthu wake anali wa mkono umodzi ndipo akuluakulu a sayansi anamutsutsa zaka zingapo asanavomere.

FUNSO: Ndimasewenza pa loji ina kuno ku Mfuwe. Alendo amadandaula kuti nswala ndi njati akuziona paliponse koma mkango mpaka kuusaka masiku awiri. Ine ndimangoti ndi mwayi. Pali yankho lina? Mnyamata wa ku Mfuwe.

YANKHO: Lilipo, ndipo ukawauza bwino mwina tipu ikwera. Mphamvu yonse ya mu paki ya South Luangwa imalowera pakhomo limodzi, dzuwa kugwa pa tsamba. Udzu umagwira kagawo kakang'ono chabe ka kuwalako n'kumanga shuga kuchokera ku mpweya ndi madzi, mothandizidwa ndi enzyme wotchedwa rubisco, waulesi kwambiri, amagwira timagawo tochepa pa sekondi pamene catalase akuchita mamiliyoni, ndiye zomera zimangomupanga wambirimbiri moti amawerengedwa kuti ndi puloteni wochuluka kuposa onse padziko. Nswala ikadya udzu, yambiri ya mphamvuyo imathera kuyenda, kuthawa, kufunditsa thupi ndi ndowe, imene imasanduka nyama ndi pafupifupi gawo limodzi pa 10. Mkango ukadya nswala chimodzimodzi. Ndiye kuwerengera mwachidule, udzu wa mphamvu 1,000 umapereka nswala za 100, nswalazo n'kupereka mkango wa 10, ndipo palibe chilombo chimene chingakhale ndi moyo pomadya mikango yokhayokha chifukwa pamwamba pamenepo patsala nyenyeswa. Amene anayala ganizoli bwino ndi Raymond Lindeman, pophunzira kanyanja kena ku Minnesota, pepala lake linatuluka mu 1942 iye atamwalira kale ali ndi zaka 26. Nambala ya 10 isakhale ngati lamulo, malo ena imakwera ena imatsika.

Mlendo akafunsa kuti nanga njati imanenepa bwanji ndi udzu umene ife sitingagaye, umuuze kuti nayonso payokha siyingathe, ilibe enzyme wodula ulusi wa udzu, amaidulira ndi tizilombo ta m'chifu chake chachikulu, monga ng'ombe za kwathu. Mpweya wa kaboni ndi mchere wa m'mafupa zimabwerera m'nthaka ndi m'mlengalenga n'kusewenzanso, koma mphamvu imangodutsa ulendo umodzi n'kutuluka ngati kutentha.

FUNSO: Ndikamwa mkaka wa fuleshi m'mimba mumalira ndi kutsegula, koma wowawasa sundivuta. Mnzanga akugulitsa makapisozi a ma enzyme akuti amatsuka thupi lonse, ndigule? Mayi, Sinda.

YANKHO: Amayi vuto lanu likumveka ngati la lactase, enzyme wodula shuga wa mu mkaka. Tonse timabadwa naye koma mwa anthu ambiri padziko enzyme ameneyu amachepa akakula, ndiye shugayo amadutsa osagayidwa n'kukafika kwa tizilombo ta m'matumbo, phwando la tizilomboto ndiye kulira mukumvako. Mu mkaka wowawasa tizilombo tina tadyako kale shugayo, ndiye pitirizani ndi wowawasawo, wa fuleshi muzimwa pang'ono pamodzi ndi chakudya. Makapisozi otsuka thupi lonse ayi musagule, enzyme aliyense ali ndi ntchito imodzi, ndipo poti ndi puloteni ambiri mukawameza amagayidwa ngati nyemba, safika m'magazi kukatsuka kalikonse. Alipo ma enzyme enieni amene madokotala amalembera anthu odwala kapamba, alipo ndi a lactase omwera pamodzi ndi mkaka, koma amenewo amasewenzera m'matumbo momwemo ndipo amalembedwa dzina ndi ntchito yake. Ngati kutsegulako kukuchitika ngakhale musanamwe mkaka, kapena mukuonda, kapena mwaona magazi, pitani ku kiliniki akakupimeni.